Gudumu Lofuna Miphika Iwiri

Sikisi koloko isanakwane, a Chikombole anali atasefa kale wilibala imodzi ya mchenga, atauwaza madzi ndi kuuponda. Anatapa wodzaza dzanja, anaufinya, kenaka anatambasula zala. Mchengawo unakhala chibuluma chooneka mizere ya m'chikhatho. Atachithyola pakati chinathyoka bwinobwino osanyenyeka, ndipo anadziwa kuti madzi akwana. Kuseri kwa shedi mwana wawo wamkazi ankatsuka makapu mowagunditsa, monga achitira munthu amene ali ndi mawu koma sakufuna kuyamba ndiye.

Dzina lakuti Chikombole si la makolo. Tinawapatsa ndife a mumsewu uno chifukwa cha ntchito yawo. Amasungunula aluminiyamu wakutha, monga zitini, mapoto obooka ndi zidutswa za injini, n'kumuthira m'chikombole cha mchenga kuti atuluke chinthu china. Masiku ambiri amaumba mapoto ndi zivundikiro. Koma chimene anatchuka nacho ndi kuumba chitsulo cha makina chimene chathyoka pomwe m'masitolo mulibe. Munthu amabwera ndi zidutswa m'thumba, iwo amazilumikiza ndi phula, amazidinda mumchenga, ndipo mawa lake mwiniwake amanyamula chatsopano.

Mwana wawoyo ndi telala, ndipo amakhala tauni ina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anabwera atamva kuti bambo ake apsa phazi. Mphika wosungunuliramo unapendekeka pang'ono, dontho la chitsulo chamoto linaboola nsapato n'kukafika pafupa. Bala linapola, koma telala sanabwerere. Anati kwawo wakonza chipinda, bedi lilipo, zenera likuyang'ana kumsewu, ndipo sachoka popanda iwo. Anakangana masabata awiri. Potsiriza anapangana chinthu chimodzi: ntchito yotsatira ya makina ikatuluka yathunthu, a Chikombole akhala pa shedi pawo chaka china. Ikalephereka, amanga katundu popanda mawu ena.

Ntchitoyo inabwera ndi bambo wina wophika buledi kumsika. Makina ake okandira ufa anaima chifukwa gudumu lomwe lamba amayendapo linasweka patatu. Linali la chitsulo chakuda, lalikulu ngati mbale yodyera anthu awiri, ndipo linali litagona pa benchi chigonere dzulo lake, zidutswa zitamangidwa pamodzi ndi waya.

Wa buledi anafika dzuwa litangotuluka, ufa uli m'nsidze, patapata kumapazi. Anadandaula kuti anyamata ake akukanda ndi manja kuyambira Lolemba ndipo mmodzi wayamba kale kunena za kwawo. A Chikombole anamuyankha kuti buledi wokanda ndi manja ndiye wokoma, mwina anthu ayamba kumudya osamizira tiyi. Wa buledi anaseka, nati madala inu mano mulibe, za buledi mukuzidziwira kuti. Kenaka anafunsa chimene ofika koyamba onse amafunsa: bwanji osangoyeza gudumulo pa sikelo n'kusungunula aluminiyamu wolemera chimodzimodzi?

Funso limeneli a Chikombole aliyankha kwa zaka makumi atatu, ndipo satopa nalo. Chitsulo chakuda n'cholemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu. Ukatsatira kulemera kwake usungunula wochuluka zedi, makala apite pachabe. Ukangoganizira ndi maso, tsiku lina usungunula wochepa, ndipo limenelo ndiye tsoka, chifukwa chikombole sichidikira. Chitsulo chikathera panjira, chimene chalowa chimachita khungu nthawi yomweyo, ndipo chobwera pambuyo sichigwirana nacho. Chofunika kudziwa si kulemera kwa chinthu, koma malo amene chinthucho chimatenga. Njerwa utha kuiyeza ndi tepi. Nanga gudumu la mabowo, mizere ndi nthiti, tepi uyika pati?

Njira yawo anayamba kuiona ali mnyamata, asakudziwa kuti ndi njira. Bambo awo anali okumba zitsime, ndipo iwo ndi amene ankatsikira pansi kukamanga miyala ku chingwe. Mwala umene ankaunyamula ndi dzanja limodzi uli m'madzi, ukangotulukira pamwamba unkafuna anthu awiri. Akafunsa, bambo awo ankati madzi amathandiza wokumba, basi. Atakula analowa ntchito yosesa pa fakitale ina youmba zitsulo, ndipo kumeneko mkulu wina wogontha khutu limodzi anawauza kuti madzi sathandiza mwachisawawa. Chinthu chikamira, chimapepuka ndendende ndi kulemera kwa madzi amene chawakankha. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Choncho sikelo ikatsika ndi kilo imodzi, chinthucho chimatenga malo a lita imodzi, kaya n'chokhota chotani. Anasesa zaka zinayi, anaumba zaka khumi ndi zisanu. Fakitale itatsekedwa anatuluka ndi mbaniro ziwiri zogwirira miphika ndi sikelo yamkuwa ya mbedza imene mkulu uja anawasiyira. Ndi zimenezo analera ana atatu, ndipo mayi a m'nyumba atamwalira anapitiriza kulera okha.

Lamulo lawo ndi lalifupi. Chimene madzi achotsa pa sikelo, chulukitsa katatu, chifukwa lita ya aluminiyamu imalemera pafupifupi makilo atatu ndipo kotsalako kamapita ndi litsiro loyandama. Uwonjezere theka la kilo la njira yothirira, bowo lomwe chitsulo chimalowera m'chikombole. Koma poyeza, chinthu chimire chonse, ndipo chisakhudze pansi kapena m'mbali.

Anakoloweka sikelo pa unyolo wolendewera ku mtanda wa denga, napachika gudumu pa mbedza. Sikeloyo ili ndi timizere togoba mumkuwa, khumi pa kilo iliyonse. Anayandikiza nkhope ngati akuwerenga, koma chikhadabo cha chala chachikulu ndi chimene chinkatsika pa timizere, kamodzikamodzi, kuchokera pamwamba mpaka pa muvi. Papita zaka ziwiri maso awo asakuona timizere timeneto. Amaona sikelo, amaona munthu, amaona moto, koma zing'onozing'ono zonse zili ngati mu utsi. Sanauzepo aliyense. Anawerenga kawiri, nanena kuti makilo eyiti ndi timizere sikisi, nalemba ndi khala pakhoma manambala akuluakulu.

Telala anali atabwera kudzaima pakhomo la shedi, kapu ili m'manja. 

Anakokera ndowa yachitsulo pansi pa sikelo, anatalikitsa waya, natsitsira gudumu m'kati. Potsika linagunda pansi kamodzi asanalikweze pang'ono. Ndowayo ndi yakale, ndipo pansi pake panali kabowo komwe anamatapo phula chaka chatha. Anathira madzi, anapisa dzanja, anapeza kuti gudumu lamira ndipo pansi latalikira zala ziwiri. Anapukuta dzanja pa thalauza. Pamenepo wa buledi anayamba nkhani ya mlamu wake amene anagula makina okandira atsopano n'kupsa tsiku lachitatu, ndipo nkhaniyo inali ndi nthambi zambiri. A Chikombole anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa kasitomala samudula pakamwa. Kenaka anabwerera ku sikelo n'kuyamba kuwerenga ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, katatu.

Anapeza makilo seveni ndi timizere seveni. Madzi anali atachotsa timizere naini. Kuchulukitsa katatu ndi kuwonjezera za njira, zinakwana makilo atatu ndi timizere tiwiri. Mphika wawo waukulu umalowa makilo atatu ndi theka. Mtima unakhala m'malo. Anauza wa buledi kuti mphika umodzi ukwana, ndipo dzuwa likamapendeka adzatenge gudumu lake.

Anatembenuka kuti akatenge khala lolembera. Kumbuyo kwawo telala anali akuyang'ana mu ndowa. Kenaka anamva kapu ikuikidwa pa benchi, mapazi akuyenda, chigubu chikukokedwa, ndipo madzi anayamba kukhuthukira mu ndowa. Anakhuthuka nthawi yaitali, kuposa mmene madzi ongowonjezera amakhuthukira.

"Bambo, werenganinso," anatero telala. Anali atagwada, chala chimodzi chitatseka pansi pa ndowa. "Phula lachoka. Gudumu linatulukira zala zinayi pamwamba."

A Chikombole anaponda pafupi ndi ndowa ndipo anamva kuti mchenga wa pansi wanyowa. Madzi anali akulowa m'dothi mwakachetechete nthawi yonse ya nkhani ya mlamu ija. Anakweza dzanja kuti ayambe kuwerenga, koma chala chinaima m'malere. Anadziwa kuti mwanayo wakhala akuyang'ana chikhadabocho kuyambira poyamba.

"Werenga ndiwe," anatero.

"Seveni ndi timizere tinayi."

Masamuwo anawachita mumtima, ndipo telala anawachitanso, chifukwa anakulira pa shedi pomwepo. Madzi anachotsa kilo imodzi ndi timizere tiwiri. Gudumu linkafuna makilo anayi ndi kamzere kamodzi. Mu mphika waukulu sizikanalowa. Akanatsatira muyeso woyamba uja, chitsulo chikanathera panjira, gudumu likanatuluka lopanda mbali imodzi, ndipo mawa lake akanakwera basi.

Wa buledi anafunsa ngati pavuta. A Chikombole anamuuza kuti ntchitoyi ndi ya miphika iwiri, waukulu ndi waung'ono, ndipo wachiwiri ayenera kuyamba kuthira woyamba usanathe, osasiya mpata ngakhale wa kuphethira. Munthu mmodzi sangathe. Wa buledi anayang'ana mapatapata ake nati moto umene amaudziwa iye ndi wa buledi, umenewo ukakupsereza umangotukwana n'kupitiriza ntchito. A Chikombole anati ngakhale akanavala nsapato za msilikali sakanamupatsa mbaniro, chifukwa munthu wothira koyamba amatseka maso.

Sanapemphe mwana wawo. Anayamba kudinda chikombole ngati nkhani yatha. Anaika gudumu m'bokosi lamatabwa, analiwaza phulusa losefa, anathira mchenga ndi kuusinja ndi chipika, m'mbali mwamphamvu, pakati mofatsa. Anatembenuza bokosi, anaika linzake pamwamba, anasinjanso, anaboola njira yothirira ndi kachitoliro, natsegula kuti achotse gudumu lakale. Apa maso safunika kwenikweni. Zala zawo zinkayenda m'mphepete mwa dindalo ngati zikuyenda m'nyumba yakwawo, kukonza pomwe pagumuka. Ankadziwa kuti akapanda wothira naye, chikombole chimenechi chingouma pachabe, ndipo ntchito yosathiridwa ndi yolephereka ndithu. Pangano silinasiye khomo lina.

Telala anathira koyamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi, chaka chimene mayi ake anamwalira, ndipo anathira mpaka tsiku limene anapita kukaphunzira kusoka. Ankanena kawirikawiri kuti fungo la makala ndi aluminiyamu limamudwalitsa mutu, ndipo anasankha singano chifukwa singano ikakubaya supita kuchipatala. Tsopano anaima n'kumayang'ana bambo ake akuyeza zidutswa za injini, akuziika milu iwiri, waukulu ndi waung'ono, ngati kuti wothira wachiwiri alipo kale. Anawauza kuti iye sanakwere basi tsiku lonse kudzasewera ndi moto. A Chikombole anayankha kuti akudziwa. Anati ndi ouma mutu, ndipo mayi ake anapirira zambiri. Anayankha kuti zimenezonso akuzidziwa. Telala analowa m'nyumba. Patapita nthawi anatuluka atavala ovololo yakale ya mchimwene wake, miyendo atapinda kawiri, ndi nsapato zachikopa zomwe anazipeza pansi pa bedi.

Ng'anjo yawo ndi dzenje lomangidwa ndi njerwa, ndipo mphepo imachokera ku chopemerera choyendetsedwa ndi gudumu la njinga. A Chikombole anaika wa buledi pamenepo kuti azipukusa. Anapukusa akudandaula kuti wabwera ngati kasitomala koma akubwerera ngati waganyu, ndipo telala anamuuza kuti apukuse ndi manja, pakamwa pasiye. Zidutswa zinafewa, zinagwa, zinasanduka madzi owala. A Chikombole anayengula litsiro la pamwamba ndi chipande chachitsulo, mphika waukulu kenaka waung'ono. Anaika njerwa zinayi pamwamba pa bokosi kuti chitsulo chisalinyamule.

Anagwira mphika waukulu ndi mbaniro. Manja awo amanjenjemera akagwira kapu ya tiyi, koma akanyamula cholemera amakhazikika. Anayenda mapazi atatu, phazi lopsa lija likukokera pang'ono, napendeketsa mphika. Chitsulo chinatsika ngati chingwe chimodzi chosaduka. Telala anaima mbali inayo, mphika wake uli chire pafupi ndi kamwa la chikombole, kutentha kukumuwamba kumaso. Mphika waukulu utayamba kupepuka a Chikombole anangoti, "Tsopano," ndipo chingwe chachiwiri chinalowa m'choyamba chisanathe. Chitsulo chinakwera mpaka kudzaza njira, chinaima, ndipo pamwamba pake panachita dzenje laling'ono pozizira. Mu mphika waung'ono munatsala tosakwana supuni zitatu.

Anadikira. Wa buledi anapita kumsika n'kubwerako ndi mabanzi m'pepala, ndipo anadya atakhala pa njerwa, osalankhula zambiri. Dzuwa litapendeka anagumula mchenga. Gudumu linatuluka lotuwa, likufuka nthunzi. Litazizira a Chikombole analizungulira ndi zala, nthiti iliyonse, mzere uliwonse wa lamba, kufunafuna msoko pomwe miphika iwiri inakumana. Sanaupeze. Analipachika pa waya n'kuligogoda ndi tupa, ndipo linalira mawu amodzi aatali, osasweka. Anadula njira ndi sowo, anapala m'mphepete, ndipo wa buledi analikulunga m'thumba la ufa n'kupita nalo kwa wokonza makina kuti akaboole pakati.

Atatsala awiri, a Chikombole anayamba kuthira mchenga wakupsa mu wilibala. Anati pangano ndi pangano, ndipo iwo si munthu wobera mwana wake. Muyeso analakwitsa, maso aona yekha mmene alili, ndipo mphika wachiwiri sanathire ndiwo. Ngati akufuna, akagule matikiti awiri.

Telala ankavula nsapato zija atakhala pa benchi. Anati iye ananena kuti gudumu lituluke lathunthu, za kuchuluka kwa manja sanatchule. Anayang'ana chithuza chomwe chinatuluka pa dzanja lake.

"Ndikanangotseka pakamwa, bwenzi pano tikumanga katundu," anatero.

"Nanga unalankhuliranji?"

"Ndowa imadontha, bambo. Ndikanangoiyang'ana?"

Telala anakhalanso masiku atatu. Anawatengera kuchipatala cha maso, komwe anawauza kuti ndi ng'ala ndipo anawalemba pa mndandanda wa odikira opaleshoni, mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina kuposa. Anagula ndowa yapulasitiki yakuya. Anawalamula kuti ntchito ya miphika iwiri asalandire, pa ng'anjo asapite osavala nsapato zachikopa, ndipo sikelo asawerengenso ndi chikhadabo pomwe mumsewu muli anthu a maso. Pa ziwiri zoyambazo anavomera msanga. Pa chachitatu anang'ung'udza kuti anthu akadziwa aleka kubweretsa ntchito, ndipo telala anati anthu akudziwa kale, amangowasungira ulemu. Anakwera basi yekha Lachisanu m'mawa. Chipinda chija anati sachipereka kwa wina, ndipo chaka chikatha abweranso.

A Chikombole akadali pa shedi pawo. Amadzuka nthawi yomweyo, amasefa mchenga womwewo, ndipo mapoto amaumba osayeza chifukwa muyeso wake uli m'manja. Sikelo imatsika pa msomali pokhapokha pakabwera chitsulo chachilendo.

Ine ndimakhala nyumba yoyang'anana ndi shediyo, ndipo zambiri ndalembazi anandiuza okha, zina ndinaona ndikuyanika matewera. Sabata yotsatira ndikuchokera kumpopi, mwana ali kumbuyo, anandiitana. Pa mbedza panali chivundikiro cha pampu, ndowa yatsopano ili pansi pake. Anayamba ndi kufunsa za mwana, ngati mano ayamba kumera, kenaka anafunsa ngati manambala ndimawadziwa. Ndinati sukulu sindinapite nayo patali, koma manambala ndimawerenga. Anagwedeza mutu, nandilozera sikelo.

"Amake mwana, ndikakuitanani muzibwera mudzandionere timizere iti. Muziyamba mwayang'ana mu ndowa ngati chamira chonse. Ndipo chimene mwaona muzinena chomwecho, ngakhale mutaona kuti sichindikomera. Musamandimvere chisoni pa sikelo."